Dzanja Lamanzere la Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ababa anabwerako ku Joni. Anachoka ndili ndi zaka zitatu, choncho munthu amene anatsika minibasi pa Lizulu masana a tsiku limenelo sindinkamudziwa. Amayi anali atayala kachewere wawo m'mphepete mwa msewu monga mwa masiku onse, ine nditakhala pathumba pambali pawo. Kondakitala anatsitsa sutikesi imodzi ndi bokosi lalitali lakuda, kenaka anagwira mkono bambo wina wowonda n'kumuthandiza kuponda pansi. Bamboyo ankakoka mwendo wamanzere, ndipo mkono wa mbali yomweyo unali wopindikira pachifuwa. Amayi anaimirira, namanganso chitenje chawo ngakhale sichinali chitamasuka.

“Mwandida, alandire katundu bambo ako,” anatero, maso ali kumsewu.

Ababa anali atachita sitiroko. Milomo yawo inali itakhotera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka molemera, limodzilimodzi, moti munthu ankafunika kudikira kuti amve chiganizo chonse. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Mlangeni, anthu anabwera kudzawalonjera kwa masiku atatu. Maso a onse ankathera pabokosi lakudalo. Ena ankati muli makina osokera, ena ankati muli wailesi yaikulu. Atalitsegula, anthu anangoyang'anizana.

Munali limba lamagetsi lakalekale, la matabwa m'mbali mwake, lolemera ngati thumba la fetereza. Silinali ngati makiyibodi a kutchalitchi aja okhala ndi ng'oma m'kati. Ili linalibe ng'oma, ndipo linkatulutsa liwu limodzi lokha panthawi imodzi. Ukadina mabatani atatu, linkangosankhapo limodzi. Pamwamba pake panali timitu tambirimbiri topotokola, zolemba zake zitafufutika ndi zala. Ababa ankalitcha sinthi. Anatiuza kuti m'kati mwa sabata ankagwira ntchito yaulonda, koma Loweruka ndi Lamlungu ankaimba ndi gulu lina pamaukwati ndi m'maholo.

“Zaka zisanu ndi zinayi, a Ngozo, mwabwerako ndi chimenechi?” amayi anafunsa alendo atapita. Anafunsa kamodzi kokhako. M'mawa mwake anawatenthetsera madzi, nawasambitsa, n'kuwamangira mabatani a malaya.

Kwathu kunalibe magetsi. A Jafali, amene anali ndi golosale pa Lizulu ndipo anaphunzira limodzi ndi ababa ali ana, anawabwereka batire la galimoto ndi kabokosi kosinthira moto wake. Batirelo likatha, wakabaza ankapita nalo kugolosale n'kubwera nalo litadzadza. Unali mwezi wa Juni, chifunga chikumachedwa kuchoka m'mapiri, ndipo limbalo linkadana ndi chisanu. Likangoyatsidwa, mawu ake ankasochera, kukwera ndi kutsika okha. Ababa ankakhala chete pampando kulidikira kuti lifunde, kenaka ankapotokola kamutu kamodzi pang'onopang'ono, khutu atatchera, mpaka liwu litakhala pamalo pake.

Masiku oyambawo ankaimba ndi dzanja lamanja lokha. Zala zawo zinali zikadali zachangu, koma nyimbo inkangotha mizere iwiri, iwo n'kuima. Ankayang'ana kumapeto kwa limbalo, mbali yakumanzere, kumene kunali timawilo tiwiri toima chamtali, theka lake litabisala m'kati. Tsiku lina ndinawaona pazenera atanyamula dzanja lawo lakufalo ndi dzanja linzake, n'kuliika patimawilopo. Linangotsetsereka n'kugwera pamwendo. Anayesa katatu. Ndinachoka pazenerapo asanandione.

Patapita masiku angapo, ndikuchokera kusukulu, anandiitana.

“Mwandida. Tandibwereke dzanja.”

Sindinafune, koma mwana sakana. Anandikhazika pakampando kumanzere kwawo, n'kuika chala changa chachikulu pakawilo koyamba. Anadina batani limodzi, liwu n'kuyamba kulira mowongoka, lopanda moyo, ngati hutala ya galimoto. Anandiuza kuti ndikankhire kutsogolo. Liwulo linakhota n'kukwera. Nditakokera kumbuyo linatsika, ndipo nditasiya, kawiloko kanabwerera kokha pakati, liwu n'kubwerera pamene linali. Ako kanali kokhotetsera mawu. Kachiwiriko kanalibe sipuling'i, kankakhala pamene wakasiya. Ukakakankha, liwu linkayamba kunjenjemera ngati pakhosi pa munthu amene wakoka nyimbo nthawi yaitali, ndipo ukapitiriza kukankha, kunjenjemerako kunkakula mpaka kunyansa.

“Mabatani amangotchula nyimbo,” anatero movutikira. “Kuimba kwenikweni kuli apa.”

Anandiuza kuti ndizimvetsera amayi akamaimba okha kudimba. Ndinamvetsera, ndipo ndinapeza kuti ankanena zoona. Liwu la amayi silinkagwera pamalo pake nthawi yomweyo. Linkayambira pansi pang'ono, n'kukwawa, n'kukafika. Likafika linkaima kaye chilili, ndipo linkayamba kunjenjemera mpweya ukamapita kokatha. Zimenezi n'zimene ababa ankafuna kuti chala changa chizichita. Ndikokere kawilo koyamba kumbuyo pang'ono iwo asanadine, kenaka ndikasiye mwapang'onopang'ono kuti liwu likwere lokha. Kachiwiriko ndisakakhudze liwu likangoyamba. Ndiwerenge mumtima kufika pa ziwiri, ndiyeno ndikankhe, osapitirira kukula kwa njere ya chimanga, ndipo ndizikumbukira kukabweza liwu lina lisanabwere.

Poyamba ndinkapyoletsa. Limba linkalira ngati mbuzi, ndipo tsiku lina ababa anaseka ndi theka la kamwa lawo mpaka misozi. Popeza kulankhula kunkawachedwetsa, sankatha kundiuza nthawi yokankha nyimbo ili m'kati. Ndinaphunzira kumvera mpweya wawo. Akakokera mpweya m'kati ndinkadziwa kuti liwu lalitali likubwera. Akatsitsa phewa ndinkabweza. Mkono wawo wodwalawo unkatsamira paphewa langa, wozizira ngakhale masana, ukununkha mafuta amene amayi ankawatikita nawo. Pofika kumapeto kwa Julaye, tinkatha kuimba nyimbo yonse osayang'anana.

Ndiyenera kunena zoona kuti ndinkazikonda, ndipo ndinkadzida chifukwa chozikonda. Munthu ameneyu anasiya kulemba makalata ndili sitandade wani. Ndinakula ndikuona amayi akusenza matumba a kachewere m'bandakucha, akudwala kapena ali bwino. Tsopano anabwera wosatha kudzimangira lamba, ndipo anzanga kusukulu ankandidutsa akukoka mwendo, milomo atakhotetsa. Ndinkamenyana nawo, koma pobwerera kunyumba mkwiyo wonse ndinkausenzera ababa. Komabe liwu lija likakwera bwino pansi pa chala changa, ndinkalakalaka titabwerezanso. Amayinso anayamba kumaima pakhomo ndi lichero m'manja, osapeta.

A Filimoni, mtsogoleri wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, anatimva tsiku lina akudutsa panjira. Analowa, nakhala pansi, namvetsera mpaka tinamaliza. Anapempha ababa kuti adzaimbe ndi kwaya yawo patsiku la makwaya, mu Ogasiti, pamene makwaya a midzi yozungulira ankasonkhana patchalitchi pathu. Panali nyimbo yachifatse imene a Filimoni anapeka okha. Anakonza zoti pakati pake kwaya izingong'ung'udza chapansipansi, limba liziimba lokha.

Kuyambira tsiku limenelo ababa anasintha. Anayamba kuyenda m'mawa uliwonse kukafika pachitsime n'kubwerako, ndodo ili m'manja. Anapempha kuti awamete. Anauza amayi kuti awasitire jekete limene linali pansi pa sutikesi. Chibwerereni, anthu ankabwera kwa iwo ngati obwera kudzazonda matenda. Aka kanali koyamba kuti munthu awafune chifukwa cha chinthu chimene ankachidziwa.

Lachisanu, kutatsala masiku awiri, anandituma kuti ndipukute bokosi la limbalo. M'kati mwa chivundikiro munali kathumba kansalu, ndipo ndikupisamo dzanja ndinapezamo chithunzi. Panali ababa, onenepa, manja onse ali bwinobwino, atakhala kutsogolo kwa limba lomweli. Kumbuyo kwawo kunaima mayi wina atawagwira mapewa. Pamiyendo pawo panali kamnyamata ka zaka ngati zinayi, kadzanja kake kali pakawilo kokhotetsera mawu, dzanja lamanzere la ababa lili pamwamba pake. Onse atatu ankaseka. Kuseri kwake kunali mawu a chinenero chimene sindinkachidziwa. Chithunzicho ndinachiyang'ana nthawi yaitali, ndinachibwezera m'kathumbamo, ndinamaliza kupukuta. Sindinauze munthu.

Lamlungu tchalitchi chinadzadza mpaka anthu ena anaima m'mazenera. Kunali fumbi la mwezi wa Ogasiti, fungo la sopo ndi la thukuta, mayunifolomu a mitundu yosiyanasiyana. Anyamata awiri ananyamula limba ndi batire n'kuziika kutsogolo, ndipo ababa analiyatsa mapemphero asanayambe kuti lifunde. Nthawi yathu itakwana anayenda okha kukafika pampando, osalola kugwiridwa. Ine ndinakhala kumanzere kwawo.

Kwaya inaimba ndime ziwiri, kenaka inatsitsa mawu. Ababa anayamba. Mizere yoyambayo ndinachita zonse monga anandiphunzitsira, ndipo m'tchalitchimo munagwa bata limene sindinalimvepo. Ana analeka kusuntha. Gogo wina pamzere wakutsogolo anatseka maso, mutu ukugwedezeka. Ndinacheukira ababa ndipo ndinaona nkhope imene ndinali nditaiona pachithunzi paja, nkhope ya munthu wokondwa. M'nyumba mwathu anali asanaionetsepo.

Anakokera mpweya m'kati. Liwu lalitali la pamwamba penipeni pa nyimboyo linali likubwera. Atangodina, ndinakankha kawilo koyamba mpaka kumapeto, chala china n'kukankhanso kachiwiri mpaka kumapeto, ndipo ndinagwira pomwepo.

Limba linakuwa ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Ana ndi amene anayamba kuseka, kenaka anyamata a m'mazenera, kenaka ndinaona amayi akuluakulu akubisa pakamwa ndi nsonga za zitenje. Ababa anachotsa chala, nadinanso. Apo n'kuti nditasiya kawilo koyamba, koma kachiwiri kanali kakadali kumapeto, choncho liwu lililonse linkatuluka likudzandira ngati la munthu woledzera. Kwaya inataya poyambira. Ababa anayesa kudutsitsa dzanja lamanja kuti akabweze kawiloko okha, koma potero anagunda mkono wawo wodwala, umene unagwera pamabatani. Malovu anatsika mbali yokhota ya pakamwa pawo n'kudontha pajekete. Kumbuyo kwanga munthu wina ananena mosabisa mawu kuti, “Odwala chotere akanangokhala kunyumba.” A Filimoni anakweza manja, kwaya n'kuyamba ndime yomaliza mofuula kuti ikwirire zonsezo. Ababa anazimitsa limba, naika dzanja pabondo.

Titatuluka, a Filimoni anabwera kudzawapepesa. Anayang'ana ine, kenaka iwo, nafunsa ngati makinawo anawonongeka.

“Ndine,” anatero ababa. “Zala sizikundimveranso. Pepani, ndakuwonongerani nyimbo.”

Tinabwerera kunyumba. Amayi anawavula jekete, napukuta pamene panadontha malovu paja, nanena mofatsa kuti, “Basi, mwayesetsa. Musadzivutitsenso.” Ndinaona mmene mawu achifundowo anawapindira msana kuposa kuseka kwa anthu kuja.

Ndinadikira chilango Lolemba, sichinabwere. Lachiwirinso ayi. Lachitatu masana, amayi ali kumsika, ndinamva limba likulira liwu limodzi losaleka. Anandiitana. Nditalowa ndinapeza atapanikiza batani limodzi ndi kapepala kopindapinda kuti lizilira lokha, dzanja lawo labwinolo likhale lomasuka. Anandilozera pakampando. Anatenga dzanja langa, naliika pakawilo kokhotetsera mawu, lawo lili pamwamba. Anakankha pang'ono kwambiri, moti ndi maso sukanaona, ndipo liwu linaweramira m'mwamba n'kubwerera.

“Timafika apa,” anatero. Kenaka anakankha mpaka kumapeto, nagwira. Kukuwa kuja kunadzadza m'nyumba. “Iwe unafika apa.”

“Dzanja linaterereka, ababa.”

“Likaterereka, kawiloka kamabwerera kokha. Iwe unakagwira.” Anapuma, kufunafuna mawu. “Sindikufunsa chifukwa. Zifukwa uli nazo zambiri. Ndinakupatsa ndine.”

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu, koma ndinafunsa kuti mwana wa pachithunzi uja anali ndani. Sanadabwe. Anasiya dzanja langa, nayang'ana kukhoma, liwu lija likungolirabe.

“Ndi mlongo wako. Nditadwala, amayi ake anandikweza basi yobwerera kuno.” Anatembenukira kwa ine. “Amayi ako akudziwa. Ndinawauza tsiku lomwe ndinafika.”

Zimenezi sindinaziyembekezere. Ndinkaganiza kuti ndasenza chinsinsi m'malo mwa amayi, kuti ndinawabwezerera iwo. Koma amayi ankadziwa zonse m'mawa uja pamene ankatenthetsa madzi osamba, ndipo Lamlungu lija anakhala pakati pa anthu osekawo, mwamuna wawo akuchita manyazi, osadziwa kuti wachititsa ndi mwana wawo.

“Ukanandifunsa,” anapitiriza ababa. “Ngakhale kunditukwana, m'nyumba muno, ndikanamva. Koma paja ndinalibe dzanja lina.”

Anasolola kapepala kaja, liwu n'kuleka. Anazimitsa limba, nandiuza kuti ndipite ndikadye. Chilango chonse chinali chomwecho. Ababa sanawauze amayi, ndipo a Filimoni anamwalira zaka zambiri pambuyo pake akukhulupirirabe kuti zala za ababa n'zimene zinalephera.

Sanandiitanenso. Sabata yotsatira batire linabwerera kwa a Jafali, limba linalowa m'bokosi, bokosi linalowa kunsi kwa bedi. Analeka kuyenda kupita kuchitsime. Ankakhala pampando pafupi ndi zenera kuyambira m'mawa, kuyang'ana anthu opita kumadimba. Sanandikwiyire poyera. Ndikawapatsa madzi ankathokoza, ndikabwera ndi mayeso ankafunsa mmene ndakhozera. Ine ndinkadikira kuti tsiku lina anenanso kuti ndiwabwereke dzanja, ndipo ndinali nditakonza kuti ndidzavomera msangamsanga. Kangapo konse ndinaima pakhonde, mawu opepesa ali pakamwa, koma ndinkapeza chochita china: mbale zosatsuka, mbuzi zolowa m'munda. Ndinkati mawa.

Mu Januwale, anthu ali pakalikiliki wopalira, sitiroko inabweranso. Amayi anawapeza atagwa pambali pa mpando. Anawatengera kuchipatala ku Boma, ndipo anakhalako masiku awiri osalankhula. Ine anandisiya kumudzi kuti ndiziyang'anira pakhomo. Anabwera nawo ali m'bokosi, mvula ikugwa, galimoto itakanika kufika kunyumba chifukwa cha matope, moti amuna anachita kusenza kuchokera kumsewu.

Limba linakhala kunsi kwa bedi zaka zisanu ndi ziwiri. Nditayamba ntchito yauphunzitsi ndinalitenga kupita nalo kwa wokonza mawailesi ku Boma. Atalitsegula anapeza chinyontho ndi mphemvu zitadya m'kati monse, ndipo anati zipangizo zake sizipezekanso. Amayi ndinawaululira zonse chaka chomwecho, tikusenda kachewere pakhonde. Anamvetsera osasiya kusenda. Nditamaliza anangoti, “Unali mwana,” ndipo patapita kanthawi anawonjezera kuti, “Koma akanakondwa ukanawauza wekha.”

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo wamkulu watsala pang'ono kufika msinkhu umene ndinali nawo chaka chimenecho. Mkwiyo umene ndinali nawo sindiutsutsa. Ababa anatilakwira, ndipo iwo eni sanakane. Chimene ndimachiona tsopano n'chakuti pa malo onse amene ndikanawafunsira mlanduwo, ndinasankha malo amodzi okhawo pamene anali atadzipereka m'manja mwanga osasiyako kodzitetezera. Munthu wofooka akakudalira, kumupweteka sikufuna mphamvu kapena nzeru, chala chimodzi chimakwana, ndipo iwe umatha kuchokapo anthu osadziwa kuti ndiwe.

Za miyezi isanu ya chete ija zinanditengera nthawi yaitali kuti ndizimvetse. Ndinkaganiza kuti kusandiitanako kunali kundilanga. Nditasamalira amayi pa matenda awo omaliza, m'pamene ndinaona mmene kupempha kumalemerera munthu amene amapempha kale chilichonse: madzi, kuvala, kupita kuseri. Ababa anali atapempha kamodzi chinthu chimene sichinali chofunika kuti akhale moyo, chimene ankangochikonda, ndipo ndinawayankha pamaso pa tchalitchi chonse. Sakanatha kupemphanso. Ankadikira ine monga mmene ine ndinkadikirira iwo, kungoti iwo anali ndi mwendo umodzi ndi lilime lolemera. Ine ndinali wamoyo bwinobwino, kuchoka pakhonde kufika pampando wawo sipanali patali, ndipo sindinapite.